Nkhope za m'kabuku aka

Mawu a alangizi a zaulimi a dera lino pa chikondwerero cha zaka khumi za kopaletivi yathu, kwa Ndamera

 Inunso amene simunafike pabwalo pano koma kabuku aka kakupezani kunyumba, mawuwa ndi anu omwe.

Akomiti atandiuza kuti ndidzayankhule lero, ine ndinakonzekera za masiku onse: manyowa, kubzala m'mizere, mbozi za m'chimanga, kupeta chitowe chisanafike pa sikelo. A Tcheyamani anandidula ndisanamalize. Anati, "Alangizi, zimenezo mwatiuza zaka khumi, makutu achita kuwawa. Anthu akufunsa za zithunzi. Akuti bwanji zithunzi za m'kabukumu ndi zakuda ndi zoyera zokhazokha ngati za nthawi ya atsamunda? Kodi ndalama za inki zinatha?" Ndiye za matumba amene tagulitsa ndi za masheya mumva kwa asungichuma, ndipo zalembedwa masamba akutsogoloko. Ine ndiyankha funso la zithunzi. Kumapeto ndili ndi pempho, ndipo ndikufuna likafike ku msonkhano waukulu.

Ndalama za inki sizinathe. Zithunzi 40 zimene mukuziona m'kabukumu ndinazijambula ndine, pang'onopang'ono, kuyambira chaka chimene tinayamba gululi, madzi a mu Januwale 2015 atangophwa. Sindinajambule ndi foni. Ndinajambula ndi kamera ya filimu, ija mumandiseka nayo kuti alangizi anyamula wailesi yakufa pakhosi.

Kamera imeneyi inali ya amalume anga, malemu tsopano. Achikulire ena pano muwakumbukira, ngakhale dzina sinditchula. Anali wojambula woyendayenda: njinga yakapalasa, kamera ya Yashica pachifuwa, chikwama cha maenvulopu pakaliyala. Ankazungulira ku Marka, ku Mtowe, kukwera mapiri mpaka ku Lulwe, tsiku lina ku Nsanje boma. Lamulungu ankadikira anthu potuluka m'tchalitchi, chifukwa ndi tsiku limene aliyense wasamba bwino ndi kudzola. Munthu ankapereka theka la ndalama pojambulitsa, theka lina polandira. Kulandirako ndiye kunali nkhani. Filimu imodzi imatenga zithunzi 36, ndipo amalume sakanaitulutsa isanadzaze. Ikadzaza ankapatsira munthu wopita ku Limbe pa sitima kuti akaitsukitse. Madzi atadula njanji ku Chiromo mu 1997, inayamba kuyenda pa basi, kudzera ku Chikwawa, kukwera zitunda zija mpaka ku Blantyre. Milungu itatu, mwina mwezi. Nthawi zina filimu inkabwerako itapsa yonse, ndipo amalume ankasintha njira yopitira kumsika mpaka anthu mitima itatsika.

Ine ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu ntchito yanga inali kugwira nsalu kumbuyo kwa wojambulidwa, mwana wina mbali iyo, ine mbali ino, manja m'mwamba mpaka kuchita dzanzi. Ndili pamenepo ndinkaona zimene munthu amachita akadziwa kuti ajambulidwa. Ankabwereka. Wina wotchi, wina wailesi yoti anyamule, wina nsapato. Amalume anali ndi jekete imodzi yakuda imene ankayenda nayo, ndipo mukafufuza m'masutikesi a makolo anu mupeza kuti amuna a midzi itatu anajambulitsa ndi jekete yomweyo, ena manja ake akulekeza pa chigongono, ena akubisa zala. Kale ndinkaziona ngati zoseketsa. Pano ndimaziona mwina. Munthu uja sankanama ayi. Ankasankha yekha mmene ana ake adzamuonere iye kulibe. Ankalipira ndalama yake, ndiye chithunzicho chinali chake.

Si kuno kokha. Ku Bamako, m'dziko la Mali, kunali wojambula wina dzina lake Seydou Keïta, amene anatsegula situdiyo yake mu 1948. Nayenso ankapachika nsalu yamaluwa kumbuyo, nayenso ankabwereketsa wailesi, wotchi, cholembera, ngakhale njinga yamoto yoti munthu atsamire. Ankasunga manegetivu ake mosamala, zikwizikwi. Anamwalira mu 2001, ndipo mu 2016 zithunzi zake zinaonetsedwa mu nyumba yaikulu ya Grand Palais ku Paris, anthu n'kumalipira pakhomo kuti akaone nkhope za amayi ndi abambo wamba a ku Bamako. Nditaziona pa intaneti ndinaganiza za amalume. Kusiyana kwake n'kwakuti manegetivu a amalume anadyedwa ndi chiswe, ena anapita ndi madzi.

Mafoni atabwera, ntchito ya amalume inafa. Malo otsukira filimu anatsekedwa amodzi amodzi. Ngakhale kampani ya Kodak yeniyeniyo, mwini wake wa filimu, inagwa mphwayi ndi ngongole mu 2012 mpaka kukapempha chitetezo ku khoti. Amalume anandipatsa kamera ndikupita ku koleji ya zaulimi. Malangizo awo anali amodzi okha: "Usamujambule munthu asanapume." Ndinayesa akunena zopumula ulendo. Zinanditengera zaka kuti ndimve.

Ndikufotokozereni pang'ono mmene chinthuchi chimagwirira ntchito, chifukwa ana anu amandifunsa tsiku ndi tsiku kuti "tione" ndikangojambula, ndipo sakhulupirira ndikawauza kuti mulibe choona. Filimu ndi kalamba kapulasitiki kopakidwa mankhwala okhala ndi siliva. Mankhwalawo amamva kuwala. Ndikadina batani, kachitseko ka m'kati kamatseguka kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, kuwala kochokera pankhope panu n'kugwera pa filimuyo. Basi, chithunzi chalowa, koma sichioneka. Mukatsegula kamera kuti musuzumire ndiye mwapha zonse 36. Filimu imatuluka mu mdima wa ndiweyani, kapena m'thumba lakuda lolowetsamo manja okha, n'kuikidwa m'kabotolo kotsekeka. Mumathiramo mankhwala oyamba otulutsa chithunzi, kenako mumatsukuluza, kenako mankhwala ena okhazikitsa kuti kuwala kusachisinthenso. Chimene chimatuluka ndi negetivu: poyera pamaoneka pakuda, pakuda pamaoneka poyera, agogo aimvi amaoneka ngati mnyamata wa tsitsi lakuda bii.

Zithunzi zamitundu zimafuna makina ndi mankhwala ovuta. Zakuda ndi zoyera munthu ukhoza kutsuka wekha kunyumba, ndipo yankho loyamba la funso la a Tcheyamani ndi limenelo. Koma kuno kwathu ngakhale zimenezi zimavuta. Mankhwala amafuna madzi a madigiri 20, pamene mwezi wa Okutobala ndi Novembala kuno timapitirira madigiri 40. Ndimagula ayezi kwa amayi ogulitsa mafilizesi, n'kutsuka usiku anthu atagona. Madzi a pamjigo wathu ndi amchere, amasiya mawanga pa negetivu, ndiye ndimasunga madzi amvula m'zigubu. Filimu yosajambula imaopa kutentha, ndipo ndimaikulunga m'pulasitiki n'kuiika pansi pa mtsuko, pamchenga wonyowa paja. Filimuyo, ya Ilford yopangidwa ku England, amandibweretsera ndi msuweni wanga wa ku Johannesburg akamabwera pa Khirisimasi. Kusindikiza papepala ndimatumiza ku Blantyre. Akazi anga amati ndalama imene yapita ku zimenezi bwenzi tili ndi khola la mbuzi, ndipo sindinawatsutsepo chifukwa akunena zoona.

Nanga ndimavutikiranji, foni ili m'thumba? Foni ndi yabwino, ndimagwirira ntchito tsiku lililonse, mbozi ndikaipeza m'munda ndimaijambula ndi foni n'kutumiza. Koma foni siiwerenga. Umajambula makumi awiri, munthu asanakhale n'kukhala pansi, n'kumati chimodzi chikhala bwino. Ndi filimu chithunzi chilichonse ndi ndalama, ngati mbewu yogula kusitolo: suimwaza, umayang'ana kaye phando. Ndiye ndimakakamizika kudikira. Ndipo podikirapo m'pamene ndinamvetsa mawu a amalume aja. Munthu ukamuloza ndi kamera amauma. Amakweza mapewa, amatong'ola maso, amagwira mpweya ngati ali pa mzere wa chiphaso cha unzika. Ukamujambula pamenepo wajambula mantha ake. Koma ukamufunsa za kudimba, za mwana amene ali ku sekondale, za ng'ombe ija inathawa, pakapita nthawi mapewa amatsika, amatulutsa mpweya uja, nkhope yake yeniyeni imabwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Bambo wina ali m'kabukumu ndinakhala naye ola lathunthu pansi pa mtengo wa nimu, ndipo ndinadina kawiri kokha.

Za mtengo wa nimuzo si zamwayi. Amene mumajambula ndi mafoni, imvani izi, n'zaulere. Musamuimike munthu padzuwa lili paliwombo. Maso amalowa m'maenje akuda, chipumi chimanyezimira, munthu amachita tsinya ngati wakwiya. Mulowetseni mumthunzi, m'mphepete mwake, nkhope iyang'ane kumene kukuchokera kuwala. Kapena jambulani m'mawa dzuwa likungotuluka kutsidya kwa Shire. Mwana agwire thumba loyera la feteleza chapafupi kuti libweze kuwala pankhope. Khungu lathu lakuda limafuna kuwala kokwanira kuti lioneke mmene lilili. Kwa zaka zambiri otsuka zithunzi zamitundu ankatchera makina awo poyang'ana khadi la Kodak lokhala ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene zithunzi zambiri zakale zinkatulutsa ife mano ndi maso okha. Vuto silinali nkhope zathu. Komanso musaiwale manja. Ine ndimakonda kuti manja a mlimi aoneke. Mukatsegula kabukuka muyang'ane manja a amayi aja agwira lichero.

Tsopano ndifike pa nkhani imene inandikhalitsa pansi.

Akuluakulu mukukumbukira nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pamene abale athu anawoloka n'kudzaza ku Mankhokwe, ku Nyamithuthu ndi malo ena, mpaka othawa nkhondo kuno ku Nsanje anachuluka kuposa eni dera. Ena mwa inu munabadwira m'misasa imeneyo. Mgwirizano wa mtendere unasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, anthu n'kuyamba kubwerera kwawo. Mu 1994 ku Nyamithuthu kunafika wojambula wina wachinyamata dzina lake Fazal Sheikh, wobadwira ku New York mu 1965, bambo ake a ku Kenya. Anali atajambula kale m'misasa ya othawa nkhondo ku Kenya. Ojambula ambiri a nyuzi nthawi imeneyo ankafika pamsasa, kujambula ana otupa mimba ndi ntchentche m'maso, n'kunyamuka tsiku lomwelo. Iye ankakhala. Ankapempha chilolezo kwa atsogoleri a pamsasa, ndipo munthu ankabwera yekha kudzaima pamaso pa kamera, n'kusankha woima naye. Ankagwiritsa ntchito filimu ya Polaroid yakuda ndi yoyera imene imatulutsa chithunzi pompo pamodzi ndi negetivu, moti wojambulidwa ankadziona. Ndipo pansi pa chithunzi ankalemba dzina la munthuyo. Osati "wothawa nkhondo" chabe ayi, dzina lake. Zithunzizo zili m'buku lotchedwa A Sense of Common Ground, limene linatuluka mu 1996.

Nditaziona koyamba pa foni ndinakhala chete nthawi yaitali. Mitengo yake ndi yathu yomweyi. Dothi ndi lomweli. Anthu ake zovala n'zong'ambika, inde, koma akuyang'ana kamera mwachindunji, ngati munthu amene akukulandira pakhomo pake. Sukuwamvera chisoni choyamba. Choyamba ukuwapatsa moni. Zithunzi zojambulidwa m'boma lathu lino zinazungulira m'nyumba zoonetsera zaluso kunja, ife eni ake osadziwa.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaphunzirapo nthawi yomweyo. Ayi. Ndinadzaphunzira nditalakwa.

Mu Malichi 2019, madzi a namondwe wa Idai atasefukira, abale athu a kwa Nyachikadza ndi a m'madimba anawoloka pa mabwato kudzakhala m'misasa kumtunda kuno. Ife alangizi tinauzidwa kuti lipoti la minda yokokoloka lifike madzulo omwewo, pamodzi ndi zithunzi. Ndinazungulira ndi foni, mothamanga. Ndinapeza mayi wina, membala wathu, atakhala pansi kuseri kwa kalasi, chitenje chamatope, akusenda nyika, mwana akulira pambali. Sindinawapatse ngakhale moni wokwanira. Ndinajambula n'kutumiza pa WhatsApp, n'kupita pena. Chithunzicho chinayenda mmene zimayendera zinthu za pafoni, uyu kupatsira uyu. Patapita miyezi chinatulukira pa chikwangwani cha bungwe lina, nkhope yawo yaikulu ngati chitseko, pansi pake mawu achingerezi onena za njala. Mwana wawo amene amagwira ntchito ku Joni anachiona pa Facebook, n'kuimba foni akulira, kufunsa ngati amayi ake afika popemphetsa.

Mayiwo anandipeza pa sikelo, anthu ali pamzere. Sanakalipe. Anandifunsa kuti, "Alangizi, chaka chatha ine ndinabweretsa matumba angati a chitowe pano?" Ndinati asanu ndi atatu, chifukwa ndinalemba ndine. Anati, "Nanga tsiku limene lija kamera inali kuti? Pa masiku anga onse, inu munasankha limene ndinalibe ndi sopo yemwe?"

Ndinalibe poyankha. Safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo ndinadya ndine, koma kuwawa kwake anamva ndi iwo. Andilola kuti ndiinene nkhaniyi pano, ndipo ali pakati panupa. Chithunzi chawo china chili pa tsamba lapakati. Anasankha okha: anavala chitenje cha kopaletivi, anaima pambali pa sikelo, dzanja limodzi pathumba, lina lagwira kabuku kawo ka malisiti. Anandiuzanso kuti ndidikire amange duku kachiwiri. Ndinadikira.

Musandimve molakwa, makamaka alendo athu ochokera ku mabungwe. Sindikunena kuti tsoka lisamajambulidwe. Popanda zithunzi za madzi aja, anthu a ku Lilongwe ndi akunja sakanadziwa, ndipo ufa ndi matenti sizikanabwera. Tinathandizidwa, ndipo tikuthokoza. Koma lembani dzina lakuti Nsanje pa intaneti muone chimene chituluke: madzi, denga la nyumba likusuzumira, mzere wa anthu ndi mabeseni. Mwana wobadwira kuno akaona zimenezo aganiza kuti makolo ake ntchito yawo inali kulandira. Thonje limene talima, chitowe, mapira, mchewere, mbatata ndi chimanga cha kudimba chimene timadyetsa nacho anthu nthawi imene kumtunda nkhokwe zauma, zimenezo ojambula sazipeza, chifukwa amabwera mwezi wa madzi okhaokha. Ife tikapanda kudzijambula tokha pa tsiku labwino, palibe adzatichitire.

Ndipo tikajambula tisunge. Apa ndiye pali yankho lachiwiri la funso la a Tcheyamani. Tsegulani tsamba loyamba. Amene mukuwaonawo ndi malemu atcheyamani athu oyamba, amene anayenda khomo ndi khomo kutikopa kuti tizigulitsa pamodzi, mavenda asamatidyere pa sikelo zawo zokhota. Ndinawajambula mu 2016 pakhonde pawo, chipewa chili pabondo chifukwa anakana kujambulidwa atavala chipewa pamaso pa anthu. Anatisiya Freddy asanabwere. Chithunzicho chinali pakhoma m'nyumba mwawo. Mu Malichi 2023 khomalo linagwa usiku, banja linapulumuka ndi zovala za m'thupi. Zithunzi zina zinali m'foni ya mwana wawo, foniyo inamira. Pofika mwezi wa Epulo, panalibe paliponse padziko pano pamene nkhope ya bambo aja inatsala, kupatula pa kachidutswa ka filimu kotalika ngati chala changa chachikulu. Chiyambire madzi a 2019 ndinkasunga manegetivu onse m'chitini cha mabisiketi kwa achibale ku mapiri a ku Lulwe. Ndinakatenga, n'kutumiza ku Blantyre, n'kubwera ndi zithunzi zitatu. Tsiku limene ndinakapereka kwa amayi a kunyumbako, anachilandira ndi manja awiri, anachiyang'ana, kenako anaitana kamdzukulu kamene kanabadwa maliro atachitika kale, n'kukauza kuti, "Apatse moni agogo ako." Ine ndinatsanzika msanga.

Negetivu ili ngati mbewu yosunga: ikakhala pouma, posafika chinyezi ndi chuku, ukhoza kutulutsamo zithunzi zina ngakhale patapita zaka makumi asanu. Filimu yakuda ndi yoyera imapirira kuposa yamitundu, imene imasuluka. Onani zithunzi zaukwati za m'ma 1990 mmene zafiirira. Foni nayo tikuidziwa. Imagwa m'madzi, imabedwa pamsika, memori khadi imangoti yafufutika. Ndipo tinene zoona, mwezi wa Febuluwale ukafika povuta, chinthu choyamba kugulitsidwa pakhomo ndi foni, zithunzi za ana zili momwemo. Sindikuti nonse mugule kamera ya filimu, ingakusaukitseni ngati ine. Ndikuti chithunzi chimene mumachikonda chichoke m'foni chifike papepala, ndipo mapepalawo akhale awiri, m'nyumba ziwiri zosiyana, ina ikhale kumtunda.

Pempho langa ndi ili, a Tcheyamani, ndipo alembi alembe.

Ndikupempha kuti m'malamulo a kopaletivi mulowe mfundo yakuti aliyense wofuna kujambula membala pa ntchito za gulu lino, kaya ndi mlendo wa bungwe, kaya ndi mtolankhani, kaya ndine mlangizi wanu, ayambe wapempha kwa mwini nkhope, amuuze kumene chithunzicho chikupita, amufunse ngati akufuna dzina lake lilembedwe kapena ayi, ndipo amubweretsere chimodzi chapapepala. Wokana akane momasuka. Ndikudziwa chimene chimatimanga pakamwa: timaopa kuti tikakana atichotsa m'kaundula wa thandizo. Ndiye zinenedwe poyera pamaso pa mafumu ndi alendo, kuti kujambulidwa si mtengo wa thumba la ufa. Komiti ikakhala kumbuyo kwake, mayi mmodzi sadzaopa kunena kuti "dikirani ndikasambe kaye."

Ndikupemphanso kuti chaka chilichonse tikagulitsa, gulu lipatule ndalama yofanana ndi thumba limodzi la chitowe, limodzi lokha, yosindikizira zithunzi za mamembala atsopano ndi za okalamba athu amene sitinawajambule. Asungichuma andiyang'ana kale ndi diso lija. Mukakambirane, mukaona kuti n'zosatheka chaka chino, ndimva. Koma pa anthu amene tinayamba nawo mu 2015, asanu ndi mmodzi kulibenso, ndipo awiri mwa iwo ndinkangoti ndidzawajambula mawa. M'kabukumu muli mayina awo okha, malo a chithunzi ali mbee.

Chotsiriza chikukhudza ine. Ife alangizi ndife antchito a boma. Kalata ikhoza kubwera mwezi uliwonse yonditumiza ku Chitipa kapena ku Mchinji, ndipo sindingakane. Mlendo ndi mame. Chitini cha mabisiketi chija sichiyenera kukwera nane lole, chifukwa nkhope zili m'menemo si zanga. Ndikufuna kuchipereka m'manja mwa komiti, pamodzi ndi kope limene ndinalembamo dzina, mudzi ndi tsiku la chithunzi chilichonse, komiti isankhe malo okwera osungirako. Ndipo mundipatse achinyamata awiri, mmodzi akhale mtsikana, oti ndiwaphunzitse kujambula ndi kutsuka ndisanachoke. Mtsikana ndikumufuna pa chifukwa: pali amayi ena amene pamaso pa ine mwamuna sapuma, ngakhale ndidikire mpaka dzuwa kulowa. Asakhale ana othamanga mtima. Akhale oti akhoza kukhala ndi agogo ola lathunthu osayang'ana foni.

Zithunzi zonse 40 zapachikidwa pa chingwe m'nyumba yosungiramo katundu. Tikatha kudya, aliyense akatenge chake kwa alembi, asaine kapena adinde chala. N'chaulere, koma musagwire ndi manja a ndiwo. Za malemu akatenge ndi a kubanja. Amene simunajambulidwe, ndatsala ndi mafilimu awiri, ndiye kuti zithunzi 72, ndipo ena sabwera mpaka Disembala. Mawa 6 koloko m'mawa ndidzakhala pansi pa nimu wa kuseri kwa sikelo, musanapite kudimba. Tidzayamba ndi okalamba. Bwerani ndi chimene mukufuna kuti chioneke: khasu, khoka, Baibulo, mdzukulu, mbuzi ngati ili yofatsa. Jekete ya amalume ija ilipo, ndabwera nayo, koma ndi imodzi yomweyo, ndiye abambo mudzapatsana.